Bug Si Kachirombo

Alembi ena akakumana ndi liwu la Chingerezi lakuti bug amathamangira kulemba "kachirombo". Liwuli tinalipereka kale kwa virus, ndipo woŵerenga amaganiza za chinthu choloŵa kuchokera kunja. Bug ndi cholakwa cha munthu polemba pulogalamu. Koma munthu wake uti? Funsoli limakula tikafika pa compiler.

Compiler ndi pulogalamu yomasulira zimene munthu walemba m'chiyankhulo monga C kuti zikhale malangizo amene makina amamva. Pomasulirapo imadula ndi kusanjanso malangizowo kuti ntchito ithamange, ndipo zimenezi ndizo optimisation. Mkonzi aliyense akuudziŵa msampha wake: kudula mawu n'kololedwa, kusintha tanthauzo ayi. Kulemba "kukonza" pamenepa n'kusokeretsa ophunzira, pakuti palibe chimene chinaonongeka. "Kufulumizitsa" kuli bwinoko, ngakhale nthaŵi zina cholinga chimakhala kuchepetsa kukula kwa pulogalamu.

Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya Utah, mmodzi wa iwo John Regehr, anafalitsa zotsatira za Csmith, chipangizo chopeka mapulogalamu a C mwachisawawa. Pulogalamu imodzi imamasuliridwa ndi macompiler angapo, ndipo zotuluka zikasiyana ndiye kuti ina yaphonya. Anapeza zolakwa zoposa 325, zambiri mwa izo mu GCC ndi LLVM. Apa wolakwa ndi womasulira.

Za mu 2009 zinali zina. M'gawo lina la Linux mlembi anagwiritsa ntchito pointer, kenaka ndi pamene anafunsa ngati inali yopanda kanthu. GCC inaona kuti funso lobwera mochedwa chotere n'lopanda ntchito, nilichotsa, ndipo panatseguka mpata wa akuba. Komatu malamulo a C anailola kutero. Wolakwa anali mlembi.

Wofufuza sangayambe ntchito asanasiyanitse ziŵirizi, choncho bukhu lophunzitsira lizilemba "cholakwa cha womasulira" ndi "cholakwa cha mlembi". Chachiŵirichi chimachokera pa undefined behaviour, mawu amene ena angakopeke kuwamasulira kuti "khalidwe losadziŵika". Khalidwe ndi la munthu, ndipo vuto si kusadziŵa. Tanthauzo lake ndi lakuti malamulo a chiyankhulocho salonjeza kanthu pamenepo. Tikupempha aphunzitsi ayesere m'kalasi mawu akuti "posalonjezedwa" ndi kutiuza mmene ophunzira awamvera.