Buku Lopanda Tsamba Lomaliza

Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akuluakulu kale, mukuchidziwa chimwemwe cha kufika pa tsamba lomaliza la buku. Munthu amalitseka bukulo, nausa moyo, nati, "Ndalitha." Tsono lero ndifuna kukamba nanu za buku lina limene lilibe tsamba lomaliza, kuti tiliyese pamodzi, tione ngati lili buku ndithu kapena ndi masewera chabe.

Dzina lake ndi afternoon, a story, ndiko kunena kuti nkhani ya masana. Analilemba ndi Michael Joyce, mphunzitsi wa ku America. Iye analionetsa kwa anthu koyamba m'chaka cha 1987, ndipo kampani ya Eastgate inayamba kuligulitsa mu 1990. Silinalembedwe kuti likhale pa pepala ayi, koma kuti liziwerengedwa pa kompyuta. Lili ndi tizigawo 539 tolumikizidwa ndi njira zoposa 900. Wowerenga akatha kachigawo kamodzi amasankha liwu limodzi, nalikhudza, ndipo liwulo limamtengera ku kachigawo kena. Mnzake akasankha liwu lina, iyeyo amapita kwina.

Nkhani yake ndi iyi. Pali mwamuna wina dzina lake Peter, amene ukwati wake unatha. Tsiku lina m'mawa aona ngozi ya galimoto pamsewu, ndipo mtima wake uyamba kumuuza kuti kapena anthu ovulalawo ndi mwana wake wamwamuna ndi mayi wa mwanayo. Tsiku lonse avutika ndi maganizo. Afuna kudziwa, komanso aopa kudziwa. Owerenga ena amafika pa kachigawo kamene kamaonetsa kuti mwina Peter mwiniyo ndiye anachititsa ngoziyo. Ena safikapo konse.

Poyamba ndinene zimene ndiliyamikira bukuli. Aliyense amene anadikirapo uthenga wa mbale wake wodwala kuchipatala adziwa kuti maganizo a munthu wamantha sayenda mowongoka. Amapita uku, nabwerera, nakumbukira zakale, nabwereranso pa chinthu chomwecho chimene akuchithawa. Buku la Joyce limamyendetsa wowerenga momwemo. Umapezeka wabwerera pa mawu amene unawerenga kale, koma tsopano akumveka mwina chifukwa cha zimene waona panjira. Ndiponso mlembi anatseka tizigawo tina kuti tisatseguke mpaka munthu atayamba wadzera kwina. Pamenepa mpangidwe wa buku ndi chisoni cha Peter zagwirizana bwino, ndipo pepala silikadatha kuchita zotere mosavuta.

Koma walira mvula walira matope. Amene afuna kudzisankhira njira asadandaule akasochera. Cholakwa choyamba cha bukuli nchakuti mawu otsegula njira alibe chizindikiro, kotero kuti wowerenga amasankha ngati munthu woyenda usiku wopanda nyali. Kodi kumeneko nkusankha? Cholakwa chachiwiri nchachikulu koposa. Anthu awiri akawerenga buku la pepala amatha kukhala pansi nkutsutsana za ilo, pakuti onse anaona zinthu zimodzimodzi. Koma awiri owerenga buku la Joyce angathe kukangana tsiku lonse, wina nati mwana anafa, wina nati sanafe, popeza sanayende njira imodzi.

Ena amati bukuli likufanana ndi nthano zathu, pakuti pa nthano omvera nawonso amagwira ntchito. Nzoona kuti agogo akati "Padangokhala," ife timayankha kuti "Tilitonse," ndipo timavomera nyimbo. Komatu chingwe cha nkhani chimakhala m'manja mwa agogo. Iwo ndiwo amadziwa kumene Kalulu akagwidwire, ndipo pomaliza tonse timapita kukagona ndi phunziro limodzi. Joyce anapereka chingwecho kwa mlendo amene sadziwa kumene nkhani ikupita.

Anthu ophunzira akhala akutsutsana za zinthu zotere. Mu 1997 Espen Aarseth wa ku Norway anatulutsa buku lotchedwa Cybertext. M'menemo anati pali zolembedwa zina zimene munthu sangazidutse popanda kugwira ntchito yeniyeni yoposa kutembenuza masamba, ndipo anazipatsa dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza ntchito ndi njira. Chaka chomwecho Janet Murray wa ku America anatulutsa Hamlet on the Holodeck, nanena kuti kompyuta idzakhala malo atsopano ofotokozerapo nkhani. Mu 2001 Aarseth ndi anzake anayambitsa magazini ya Game Studies, kuti masewera a pa kompyuta aphunziridwe monga masewera, osati monga mabuku.

Mkangano wawo unaonekera bwino pa masewera a Tetris, amene Alexey Pajitnov anawapanga ku Moscow pakati pa zaka za m'ma 1980. Pa masewerawa tizidutswa timagwa kuchokera pamwamba, ndipo wosewera amatiyala kuti tidzaze mzere. Murray anaonamo chithunzi cha moyo wa anthu a ku America othodwa ndi ntchito zosatha. Markku Eskelinen wa ku Finland anamtsutsa, nati iye akuikamo nkhani imene mulibe. Ine ndigwirizana ndi Eskelinen. Taganizani za bawo. Pa maenje 32 aja palibe Kalulu kapena Fisi. Pali malamulo, kuwerengera, kudya ndi kudyedwa. Nkhani imabwera pambuyo pake, pamene wopambana akudzitama kwa anzake.

Nanga buku la Joyce tiliike kuti? Pa bawo pali wopambana ndi wogonja. Pa bukuli palibe. Munthu amaleka pamene watopa, kapena pamene mtima wake wakhuta. Chifukwa chake ine nditi ili ndi buku, si masewera ayi, ngakhale lili buku lovuta limene lifuna kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono.

Pali chinthu chinanso choyenera kuchiganizira. Bukuli linayamba kugulitsidwa pa timbale timene makompyuta a masiku ano sawerenga, ndipo linafunika kukonzedwanso kuti lisatayike. Zolembedwa zina zambiri zinapangidwa ndi pulogalamu ya Flash, imene eni ake analeka kuisamala kumapeto kwa 2020, ndipo tsopano nzovuta kuzitsegula. Koma Nthondo wa Samuel Ntara, amene anasindikizidwa mu 1933, munthu angamtole lero nkumuwerenga pansi pa mtengo, popanda magetsi.

Chotero, anzanga, musanyoze mabuku atsopanowa, pakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mukapeza nkhani yotere pa foni kapena pa kompyuta, iwerengeni, ndipo mufunse mafunso awiri: kodi kusankha kwangaku kukundiphunzitsa kanthu za anthu a m'nkhaniyi, kapena kukungondichedwetsa? Kodi mdzukulu wanga adzatha kuiwerenga? Buku la Joyce lapambana pa funso loyamba. Pa lachiwiri, pepala likadali patsogolo.