Khoswe wa pa Mkhate: Kukhala Chete kwa Abale pa Nkhanza za m'Minda ya Tiyi

M'mwezi wa February 2021, kampani ya ku Britain ya Camellia inavomera kupereka mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu umene amayi 36 anakasuma ku khoti la ku London. Amayiwa ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ya Eastern Produce Malawi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo dandaulo lawo linali lakuti amuna owayang'anira ankawagwirira kapena kuwaumiriza kugona nawo. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma inalipira ndi kulonjeza njira zotetezera amayi pa ntchito. Nyuzipepala zinakamba zambiri za kampani ndi maloya. Ife tikambepo za anthu amene nkhani zotere siziwatchula, omwe ndi abale a wopondereza.

Tiyi amathyoledwa kwambiri m'dzinja, ndipo ambiri mwa othyola amalembedwa ntchito ya miyezi yowerengeka. Kwa mayi wotere mawu a kapitawo ndi olemera, pakuti akhoza kumutsegulira kapena kumutsekera khomo la chaka chamawa. Komatu kapitawo ali ndi kwawo. Ndi malume a wina, mlamu wa wina, ndipo malipiro ake ndiwo amagula feteleza ndi kulipira sukulu ya ana a mlongo wake. Choipa chikamachitika chaka ndi chaka m'dera limene anthu amatunga madzi pa mjigo umodzi, pamakhala makutu amene anamva ndi milomo imene inasankha kutseka.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mantha amenewa sitikuwapeputsa. Ku Thyolo malo olima ndi ochepa chifukwa nthaka yambiri ili m'manja mwa maesiteti, choncho kuulula mbale wolandira malipiro kuli ngati kuswa mkhate umene banja lonse limamwera. Koma pamene tikuteteza mkhate wathu, wa mnzathu ukusweka. Mayi wochitiridwa chipongweyo nayenso ali ndi mwinimbumba wake, ana ake ndi ulemu wake. Mwambi wakuti chibale ndi fupa sichiola umatilimbikitsa kusataya mbale pa mavuto. Tikausandutsa bulangete lofunditsa tchimo, ndiye kuti taupotoza.

Chisilamu chimatilamula kulumikiza chibale, ndipo wodula ubale wachenjezedwa mwamphamvu. Komabe Qur'an yolemekezeka, mu Surah An-Nisa ndime ya 135, inaika malire: wokhulupirira aimirire chilungamo ndi kuikira umboni chifukwa cha Allah, ngakhale umboniwo upweteke iye mwini, makolo ake kapena abale ake. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anachita zomwezo pamene mayi wa fuko lolemekezeka la Makhzum anaba. Anthu anatuma Usama ibn Zayd kuti akamupepesere, koma Mtumiki anakana, nanenetsa kuti chilamulo sichikanamulambalala ngakhale mwana wake Fatima. Anaphunzitsanso kuti m'bale wopondereza timamuthandiza pomuletsa kupondereza. Wobisa mbale wake wochita nkhanza akumusiya kuti akasenze yekha mtolo pa Tsiku la Chiweruzo, iyenso atanyamulako gawo lake.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumapiri kokha. M'madoko a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mumamveka za amayi ogula usipa amene amauzidwa kuti ndalama yokha siikwanira, mpaka agone ndi msodzi kapena mwini chilimira. Mphamvu ya kapitawo pa dengu la tiyi ndi yomweyo ya mwini bwato pa ndowa ya nsomba. Amuna ameneŵa ena timaswali nawo pa mzere umodzi tsiku la Jumu'ah, timadya nsomba zawo, ndipo nkhani ikafika pa khonde timati za m'banja zisatuluke.

Sitikunena kuti mphekesera iliyonse tithamange nayo ku bwalo, pakuti kunamizira munthu ndi tchimo lalikulu. Koma pamene tadziwa zoona, mwinimbumba ndiye ayambe kudzudzula mphwake maso ndi maso, shehe amumve mayi wodandaula osamubweza ndi mawu akuti pirira, ndipo ngati mlandu uli wogwirira, upite ku polisi osati kuthera pa mbuzi ya chipepeso. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kale chipongwe chotere, koma lamulo limayenda ndi mboni, ndipo mboni yodziwa zambiri kawirikawiri imagona m'nyumba imodzi ndi wolakwa.

Amayi 36 aja chilungamo anakachifuna kutsidya kwa nyanja zamchere. Mayi wa pa doko la kwathu alibe loya wa ku London. Amene ali nawo pafupi ndi alongo, amalume ndi akazi a munthu amene akumuzunzayo, ndipo anthu amenewo ndife.