Mfuti Imene Ili Kuseri kwa Chikalata

Boma likasoŵa ndalama limakongola kwa anthu, n'kuwapatsa chikalata cholonjeza kuti lidzabweza pamodzi ndi chiwongola dzanja. Akatswiri a zachuma amati chikalata cha dziko lamphamvu, monga America, ndiyo nkhokwe yosaloŵa mbala, ndipo ena amaonjeza kuti chimene chimachirikiza pepalalo ndi mfuti. Maganizo ameneŵa tiwaunike mofatsa, pakuti choona chilimo ndithu, koma n'choperewera.

Tiyambe ndi choonacho. M'chaka cha 1690 zombo za France zinagonjetsa zombo za England pa nkhondo ya ku Beachy Head. Patapita zaka zinayi, mu 1694, anthu achuma anakongoza boma la Mfumu William III mapaundi 1,200,000 kuti lipitirize nkhondoyo, ndipo Bank of England inabadwira m'ngongole imeneyi. Ndalama zinamanga zombo, zombo zinateteza malonda, malonda anabala msonkho, msonkho n'kubweza ngongole. Boma likagonja, lonjezo lake limafera limodzi nalo. Amene anakongoza zigawo zakumwera kwa America pa nkhondo yapachiŵeniŵeni anatsala ndi mapepala chabe mu 1865, ndipo mu 1868 malamulo a dzikolo analetseratu kubweza ngongole zimenezo.

Komatu mfuti payokha sibweza ngongole. Mfumu Philip II ya ku Spain inali ndi asilikali oopedwa mu Europe monse, ndiponso siliva wochuluka wochokera kutsidya kwa nyanja, komabe inaleka kulipira okongoza ake kangapo konse, monga mu 1557, 1575 ndi 1596. Ndani akanaiitanira kubwalo? Mphamvu zomwe zimatchinjiriza wokongola kwa adani ake zimamtchinjirizanso kwa omkongoza. Ku England zinthu zinayenda mosiyana chifukwa msonkho unali m'manja mwa Nyumba ya Malamulo, imene mfumu sikanatha kuinyozera. Choncho chikhulupiriro cha okongoza chinatsamira pa mizati iŵiri, zombo panyanja ndi lamulo kumudzi.

Palinso china chimene otamanda mfuti sakonda kutchula. Paja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko la Egypt litalephera kulipira ngongole zake mu 1876, a Britain ndi a France anayamba kuyang'anira chuma chake. Aigupto atakana ulamuliro wa alendowo, zombo za Britain zinaphulitsa mzinda wa Alexandria mu 1882, asilikali n'kuloŵa m'dzikomo. Eni zikalata ku London anapitiriza kulandira chiwongola dzanja chao, koma amene anachilipira ndi mlimi wa m'mbali mwa mtsinje wa Nile, yemwe sanafunsidwe pokongola. Zofanana ndi zimenezi zinachitikira Venezuela mu 1902, pamene zombo za Britain, Germany ndi Italy zinatseka madoko ake chifukwa cha ngongole.

Tsono aŵerengi okondedwa, mukamva kuti chikalata chakutichakuti chilibe chiopsezo, funsani kuti chiopsezocho chapita kuti, pakuti sichitha ayi, chimangosenzetsedwa wina. Nthaŵi zina amachisenza ndi mnyamata wotumidwa kunkhondo, nthaŵi zina ndi mmphaŵi wa dziko lofooka. Ngongole yoyenera kudaliridwa ndi imene anthu anaivomereza kudzera mwa owaimira, ndipo boma limaibweza chifukwa linalonjeza, ngakhale pamene palibe woti n'kulikakamiza.