NTHONDO ATATEMBENUKA, KUNYUMBA KUDATANI?

Pali chizolowezi china m'mabuku athu a Chichewa chimene ndifuna kuti tichiyang'ane bwino, ife amene timasonkhana mlungu ndi mlungu kuti tisulane pa luso la zolembalemba. Munthu akangotembenuka mtima, nkhani yatha. Mlembi amayenda naye m'zoipa zake zonse, kuba, mowa, ndewu, ndipo akamufikitsa pakhomo pa tchalitchi amatula cholembera pansi ngati mlenje amene wafika ndi nyama pamudzi. Chizolowezi chimenechi nchakale, ndipo ndifuna kuchilondola m'buku limene tonse timalipatsa ulemu, Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Nthara.

Nthara adali mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed, imene idayamba pa Mvera m'chaka cha 1889 ndi kukhazika Nkhoma mu 1896. Nkhani yake idapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, ndipo idasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young adaimasulira m'Chingerezi naitcha Man of Africa. Tikumbukire kuti Buku Lopatulika lathunthu lidali litangotuluka mu 1922. Anthu odziwa kuwerenga m'midzi adaphunzirira m'sukulu za mishoni, ndipo makina osindikizira nawonso adali a mishoni. Nthara ankadziwa bwino lomwe anthu amene ankawalembera ndiponso amene akanavomereza kuti bukulo lituluke.

Nkhani yake njosavuta kuitsata. Timuona Nthondo kuyambira kubadwa mpaka kufa: mwana wosamva, mnyamata wa manja aatali, munthu wopita kunja kwa dziko kukafuna ntchito monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi imeneyo, kenaka mfumu ya mudzi, ndipo potsiriza Mkhristu. Mphamvu ya bukuli ili m'chigawo choyamba. Pamene Nthara akufotokoza za mudzi, miyambo ya pakubadwa kwa mwana, milandu ndi mayankhulidwe a akuluakulu, Chichewa chake chimayenda ngati madzi a mumtsinje. Munthu amamva fungo la utsi wa m'nyumba. Nthondo woipayo ndi munthu weniweni, ndipo ngakhale atikwiyitse sitifuna kusiyana naye.

Komatu akatembenuka, ine ndimaona ngati mlembi wayamba kuthamanga. Nthondo amene tidamudziwa uja amasanduka chitsanzo cha pa ulaliki, munthu woti abusa amuloze ndi chala pophunzitsa kalasi. Sindikutsutsa kuti munthu angathe kusinthika. Ndawaona otero, ndipo inenso ndine mwana wa mpingo. Dandaulo langa ndi lakuti pamalo pamene nkhani idayenera kulemera koposa, pomwepo ndi pamene yapepuka. Sitikhala nthawi yokwanira m'nyumba mwa Nthondo Mkhristu kuti tione mtengo umene iye ndi abale ake adalipira.

Ndikunena izi chifukwa kwathu ndi kumidzi ya pakati pa Mitundu ndi Nathenje, kum'mwera kwa Lilongwe, dera limene lidamva belu la Nkhoma kalekale. Ukapitirira Nathenje pa msewu wa ku Dedza, pa Kamphata ndi pamene msewu wa ku Nkhoma umapatukira. Chakuno ku Mitundu kuli mishoni ya Akatolika ya Mlale. Pakati pa matchalitchi amenewa pali madambwe, ndipo ng'oma za gule zimamveka usiku m'midzi yomweyo imene Lamulungu m'mawa imadzaza nyumba za mapemphero. Anthu ake ndi amodzimodzi, a mimba imodzi, odyera mbale imodzi. Kumeneko kutembenuka kwa munthu mmodzi kumagwedeza mbumba yonse.

Taganizani za chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo ana ndi a mbumba ya mkaziyo. Wowalamulira ndi malume awo, mwinimbumba. Tsono mkamwini akalowa Chikhristu nanena kuti mwana wake wamwamuna asapite kudambwe, mawu akewo akuwanenera pabwalo la eni ake. Mlamu wake angomufunsa kuti, kodi inu mudabwera ndi ana muno? Chiphunzitso chimene adalandira chikuti mwamuna ndiye mutu wa banja, koma munda umene akulima ndi wa apongozi. Munthu ameneyu akagona usiku amaganiza zotani? Nkhani yake ndani adailemba?

Kapena taganizani za mitala. Bambo wa akazi awiri akafuna ubatizo ayenera kutsala ndi mmodzi. M'buku la mpingo mudzalembedwa kuti wina wapulumuka. Nanga mayi wachiwiri uja, amene sadalakwe kanthu, amene mwina ndiye ankaimba kwambiri pa mapemphero? Bamboyo angoleka kupita kumudzi kwake, basi. Mchere, sopo ndi nsalu zimalekera pomwepo. Ine ndidakula ndikuona agogo ena a chibale chathu amene adasiyidwa motero. Ankapita kutchalitchi Lamulungu lililonse mpaka ukalamba, nakhala kumbuyo, mwamuna wao wakale ali kutsogolo pakati pa akulu a mpingo. Sindidawamvepo akunyoza Mulungu ngakhale tsiku limodzi. Chikhulupiriro cha mayi ameneyu chidali cholimba kuposa cha anthu ambiri otembenuka a m'mabuku athu, koma iye m'mabukumo mulibe.

Pali mayi wophika mowa kuti apeze fizi ya mwana, naletsedwa kudya Mgonero mpaka atalapa. Pali maliro a nkhalamba imene idali ya gule, ana ake ena ali Akhristu: kodi kuimbidwe nyimbo za mpingo kapena kutuluke zirombo? Mkangano wotere umachitika mtembo uli m'nyumba, adzukulu akudikira ndi makasu. Palinso mfumu ya mzinda imene yalowa kalasi, pamene anthu ake akuyembekeza kuti iwatsogolere pa chinamwali ndi pa mpalo. Nthara adasankha kuti Nthondo akhale mfumu, ndipo adasankha bwino, pakuti pa mfumu ndi pamene zingwe zonse zimakumana. Nchifukwa chake ndimadandaula kuti sadazikoke zingwezo kufikira zitalira.

Chodabwitsa nchakuti mpingo weniweniwo udadziwa kale kuti ntchito yaikulu ili kunyumba. A Nkhoma ataona kuti kuletsa chinamwali kokha sikukwanira, adayambitsa chilangizo, kuti amayi achikhristu azilanga atsikana. Mu 1940 kudayamba Chigwirizano cha amayi, amene mpaka lero ndiwo amatunga madzi pamaliro ndi kuyendera odwala. Akatolika a dayosizi ya Lilongwe, pa nthawi ya Bishopu Patrick Kalilombe m'zaka za 1973 mpaka 1975, adakhazikitsa miphakati kuti mpingo utsikire m'midzi ndi m'makomo. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la 1997 lonena za amayi Achewa mu Sinodi ya Nkhoma, adaonetsa kuti Chikhristu chidamasula amayi pa zina, koma chidawalandanso mphamvu zina zimene adali nazo pa chipembedzo cha makolo. Abusa ndi akatswiri a mbiri adalowa m'nyumba. Alembi a nthano tidatsala panja.

Anzathu a maiko ena sadatsale panja. Mu Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la 1958, kutembenuka kwa Nwoye timakuona ndi maso a mwanayo ndiponso ndi maso a atate wake Okonkwo, ndipo timamvera chisoni onse awiri. Mu The River Between, buku la Ngugi la 1965, Muthoni, mwana wa mlaliki Joshua, afuna kukhala Mkhristu ndiponso mkazi wokwanira pa mwambo wa kwao, ndipo amafera pomwepo. Alembi awiriwa adaona kuti chipembedzo chatsopano chimayamba kuwawa pakati pa kholo ndi mwana.

Wina anena kuti ndikumuweruza Nthara ndi muyeso wa anthu amene adalemba patapita zaka makumi awiri kapena atatu. Nzoona, ndipo mlandu waukulu sindiuika pa iye. Iye adalambula njira pamene padalibe njira, ndipo adalemba miyambo ya Achewa mosamala pa nthawi imene ambiri ankaiyesa mdima wokhawokha. Adamwalira mu 1976 atatisiyiranso Mbiri ya Achewa ndi mbiri ya mfumu Msyamboza. Mlandu uli pa ife. Nkhani zimene timawerengerana pano zikakhudza mpingo, zimagwa mbali ziwiri. Ina ndi ya chidakwa chimene chalapa pa tsamba lomaliza. Ina, imene timaiyesa yachikono, ndi ya mbusa wachinyengo wodya chopereka ndi kunyenga akazi a eni. Zonse ziwirizi nzaulesi, pakuti wolembayo wadziwa kale wolakwa asanayambe kulemba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhani ya chikhulupiriro siingasenzedwe ndi munthu mmodzi, woyera kapena woipa.

Pempho langa kwa anzanga ndi ili: tiyambire pamene Nthara adalekera. Tilembe za m'mawa wotsatira ubatizo, mkazi akusonkha moto, mlamu atakhala pakhonde osayankhula, mwana akumva ng'oma kudambwe atagwira buku la nyimbo m'manja. Tilembe za mbusa wa kumudzi amene mpingo wake ndi wa makilomita ambiri, njinga yake yatha matayala, ndipo mwana wake yemwe watenga pathupi asanakwatiwe, mlandu umene mawa ayenera kuuweruza pamaso pa akulu a mpingo. Pa tchuthi chikudzachi, amene kwanu ndi kumudzi, khalani pansi ndi agogo anu aakazi muwafunse chimene chidachitika m'banja mwanu chaka chimene munthu woyamba adalowa kalasi. Mubwere nazo kuno tidzawerengerane.