Luso Loyala Matebulo ku Comiket

Pa 21 Disembala 1975, m'chipinda china chochitiramo misonkhano mumzinda wa Tokyo, magulu 32 a achinyamata anayala timabuku tawo ta nthano zojambula, ndipo anthu pafupifupi 700 anabwera kudzaona. Ambiri anali atsikana. Umu ndi mmene Yoshihiro Yonezawa ndi anzake anayambitsira Comiket, msika wa timabuku timene okonda nthano zojambulazi, zotchedwa manga, amajambula okha, kusindikiza ndi ndalama za m'thumba mwawo, n'kudzagulitsanso okha. Pofika Disembala 2019, ku holo ya Tokyo Big Sight, olowa pa masiku anayi anakwana 750,000.

Chiwerengero chimenechi n'chodabwitsa ndithu, koma chimene chimanditenga mtima ine ndi ntchito imene okonza msikawu amagwira ndi manambala. Msika umachitika kawiri pachaka, mu Ogasiti ndi Disembala. Gulu lililonse likamapempha malo limalemba mtundu wa nthano zimene likujambula, timabuku timene linagulitsa ulendo wapitawo ndi timene likufuna kubweretsa. Anthu ongodzipereka, osalandira malipiro, amakhala pansi ndi mapepala amenewa n'kuyamba kuyala matebulo m'maganizo, holo isanatsegulidwe n'komwe. M'zaka zimene msika unafika pachimake, magulu oti apatsidwe malo ankaposa 30,000.

Taonani mmene amachitira. Gulu lotchuka, limene manambala akusonyeza kuti lidzakoka chikhamu, amaliika kukhoma, pafupi ndi zitseko zikuluzikulu, kuti mzere wa ogula utulukire kunja osatsekereza njira. Pakati pa holo pamatsala bata loti wojambula wosadziwika, amene wabwera ndi timabuku tokwana m'chikwama chimodzi, aonekere kwa odutsa. Malo ake ndi theka la tebulo basi. Koma woyandikana naye sachita kungogwerapo ayi: ojambula nthano zochokera ku katuni imodzi amawaika pamodzi, ndipo pakati pawo amasankhanso okonda anthu omwewo a m'nkhaniyo kuti akhale moyandikana. Wogula amene wabwera kudzafuna buku limodzi amapezeka wayima pa matebulo asanu a anthu amene sanawamvepo. Kuyala kotereku kumafuna munthu amene wawerengadi nthanozo ndipo akudziwa zimene mitima ya owerenga ikutsata chaka chimenecho.

Ndipo mitimayo imasinthasintha. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, nthano ya mpira ya Captain Tsubasa inakopa atsikana ambirimbiri, msika n'kukula mofulumira. M'zaka za m'ma 2000 kunabwera Touhou Project, kenako Kantai Collection, kenako Fate/Grand Order. Nkhani imene inadzaza mizere yambiri dzana imatha kutsala ndi ngodya imodzi lero, choncho mapu a holo amawajambulanso ulendo uliwonse.

Naye wojambula ali ndi kaluso kake kakang'ono. M'katalogi wa msikawu, buku lonenepa kwambiri, gulu lililonse limapatsidwa kabokosi kocheperapo kuposa bokosi la machesi. M'menemo ajambulemo nkhope imodzi, alembemo mawu awiri atatu, ndipo munthu amene akuthamangitsa maso pa timabokosi zikwizikwi ayime pa kake. Mzere uliwonse wa cholembera umafunika kuuganizira: diso likule bwanji, inki yakuda ichuluke pati, dzina likhale pakona iti.

Ngakhale mzere wa ogula uli ndi mwambo wake. Womalizira amanyamula chikwangwani chosonyeza kuti mzere wathera pamenepo. Wina akafika amalandira chikwangwanicho, n'kuchipatsiranso wobwera pambuyo pake. Palibe wokuwa, palibe wokankha mnzake. Zimenezi zikuchokera ku mfundo imene okonza msikawu amaibwereza chaka ndi chaka, yakuti ku Comiket kulibe kasitomala, aliyense ndi wotenga nawo mbali.

Mliri wa COVID-19 unayesa luso lonseli. Msika wa Meyi 2020 unalephereka. Utabwereranso mu Disembala 2021, analola anthu 55,000 okha patsiku, ndipo pa masiku awiri analowa 110,000. Ongodzipereka aja anawerengeranso zonse, anatalikitsa matebulo, anakonza nthawi zolowera, ndipo ojambula ang'onoang'ono anapatsidwabe malo awo. Mu Ogasiti 2022 Comiket inachita msika wake wa nambala 100, ndipo panafika anthu 170,000.