Osunga Mano a Shaki ku Calvert Cliffs

Ku Calvert Cliffs, m'mphepete mwa Chesapeake Bay ku Maryland, mafunde amagumula maphedi n'kusiya pamchenga mano a shaki amene anakwiririka zaka zoposa 8 miliyoni zapitazo. Otola alipo ambiri, koma ulemu wanga ukupita kwa osunga.

Wosunga akafika kunyumba amatsuka dzino lililonse ndi madzi opanda mchere ndi kamswachi kofewa. Likauma amaligoneka pathonje m'kabokosi kakekake kuti lisakhulane ndi linzake, poti timano ta m'mbali mwa mano ena, tonga ta sowo, sitichedwa kubenthuka. Kenako amalemba kapepala: malo, tsiku, mtundu wa shaki. Apa ndiye pagona luso lonse. Dzino la shaki wamkulu wakale wotchedwa megalodon, ngakhale lodzaza chikhatho, likasowa kapepalako wasayansi sangapindule nalo kwenikweni.

Mafupa a shaki ndi ofewa, amawola msanga, choncho mbiri ya nsombazi yatsala makamaka m'mano. Calvert Marine Museum ku Solomons imasunga mano ambiri otere, ena operekedwa ndi anthu wamba amene anawasamala bwino. Inu otola, lembani kapepalako tsiku lomwelo, musanaiwale pamene munatola.