Mlombwa ndi mukula: abale awiri, chitetezo chosiyana

Mlombwa ndi mukula ndi mitengo ya fuko limodzi. Akatswiri a zomera amaitcha Pterocarpus angolensis ndi Pterocarpus tinctorius. Yonse imatuluka utomoni wofiira ngati magazi ikatemedwa, ndipo imabala zipatso zamapiko. Koma malamulo otetezera mitengo sadaione mofanana, ndipo apa ndi pamene ndili ndi dandaulo.

Mu 2019, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Geneva, dziko la Malawi lidapempha kuti mukula ulembedwe m'gulu la mitengo yosatumizidwa kunja popanda chilolezo. Pempholo lidavomerezedwa, pakuti zipika za mukula zinali kutuluka mochuluka m'Zambia ndi m'mayiko oyandikana nawo kupita ku China, kumene amapangira mipando yamtengo wapatali. Mlombwa udadikira mpaka 2022, ku Panama, pamene mitundu yonse ya fuko limeneli ya mu Africa idalembedwa pamodzi ndi mbawa ndi msambamfumu, mwa zina chifukwa matabwa ake ndi ovuta kuwasiyanitsa pa doko.

Ntchito imeneyi ndi yotamandika, koma ili ndi malire: CITES imayang'anira malonda odutsa m'malire a mayiko basi. Mlombwa wathu wambiri sukwera sitima. Umathera konkuno, pa macheka a m'midzi, n'kusanduka zitseko, mafelemu, mabedi ndi mipando. Tisadzinamize, zitseko zokongola za nyumba ndi mizikiti yathu nazonso zili m'gulu lomwelo. Chilolezo cha pa doko sichimufunsa kanthu kalipentala wa ku Linga kapena ku Dwangwa.

Bungwe la IUCN nalo limauika mlombwa pakati pa mitengo yosadetsa nkhawa, poti wafalikira kuchokera ku Angola ndi Tanzania mpaka ku South Africa. Kuwerengako n'koona kwa munthu woyang'ana mapu. Woyenda m'tchire amadziwa kuti mtengowu ndi wochedwa kukula: mbande yake imauma kumtunda chaka ndi chaka, ikukulitsa muzu pansi, ndipo papita zaka isanayambe thunthu lokhalitsa. Moto wa m'chilimwe umaibwezeranso m'mbuyo. Odula amasankha mitengo yaikulu ndi yowongoka, yomweyo imene ikadabala mbewu zambiri.

M'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, muli mpanda ndi alonda. Kunja kwa mpandawo, mlombwa wotsala m'minda ndi m'nkhalango za m'midzi uli m'manja mwa mafumu, eni minda ndi ife ogula matabwa.